Lipoti la nkhani: kubwerera kwa Jim Thome ku Cleveland mu Ogasiti 2011

Pa 25 Ogasiti 2011, timu ya baseball ya Cleveland Indians, yomwe kuyambira mu 2022 imatchedwa Guardians, inatenga Jim Thome kuchokera ku Minnesota Twins. Mkhalakaleyu anali atatsala ndi masiku awiri kuti akwanitse zaka 41, msana unali utamuzunza kwa nthawi yaitali, ndipo pa magemu 162 a sizoni panali patatsala pafupifupi 35 okha. Ankabwerera ku timu imene inamulera, yomwe anaichoka mu Disembala 2002 n'kusiya anthu a mumzindawo akukukuta mano.

Ife amene timakhala pansi kukambirana zogula ndi kutulutsa osewera, nkhani yotereyi siyachilendo. Sizoni ikamapita kumapeto, katswiri wavulala, timu yayamba kutsetsereka, sipalephera kupezeka wina wonena kuti, "Bwanji tiitane mdala uja?" Dzina likangotchulidwa m'chipinda mumayamba kumwetulira, aliyense akukumbukira zimene munthuyo ankachita zaka khumi zapitazo, ndipo funso loti tikumuitanira chiyani kwenikweni limasowa wolifunsa. Ndasankha kulemba za Thome chifukwa pa nkhani yake zonse zili poyera: zimene anawonongerapo, zimene anachita pabwalo, ndi kumene timu inathera. Tikhoza kuyeza popanda kulota.

Munthuyo, ndi chilonda cha 2002

Thome anabadwira ku Peoria, m'chigawo cha Illinois, pa 27 Ogasiti 1970. Cleveland inamusankha mu 1989 pa chisankho cha osewera achinyamata chimene amati draft, koma mu ndime ya 13, anyamata oposa 300 atatchulidwa kale. Palibe ankamuwerengera. Analowa mu ligi yaikulu mu 1991 akusewera pa base yachitatu (ma base ndi malo amene womenya amadutsamo motsatizana kuti akagoletse), ndipo amene anamuumba kukhala womenya woopsa ndi mphunzitsi Charlie Manuel. Ndi Manuel yemwe anamuzoloweza kaimidwe kaja kotambasula mkono n'kuloza ndodo kutsogolo woponya asanaponye, kamene pambuyo pake ana a ku Ohio, chigawo chimene muli mzinda wa Cleveland, ankatengera akamasewera kuseri kwa nyumba.

Kwa amene baseball sanaizolowere, mawu awiri ndi ofunika pa lipotili. Home run ndi pamene womenya wakwapula mpira mpaka kudutsa mpanda wa bwalo. Iyeyo ndi anzake onse amene anali pa ma base amazungulira n'kugoletsa popanda wowaletsa. Designated hitter, kapena DH mwachidule, ndi wosewera amene amangomenya basi, sapita m'bwalo kukateteza. Ligi yaikulu, Major League Baseball, ili ndi mbali ziwiri, American League ndi National League, ndipo mu 2011 udindo umenewu unkaloledwa mu American League mokha, momwe muli Cleveland. National League inaulandira kwamuyaya mu 2022. Kusiyana kumeneku kuli pakatikati pa nkhani ya Thome.

M'zaka za m'ma 1990 Cleveland inadzuka ku tulo ta zaka makumi anayi. Inafika ku World Series, mpikisano womaliza wolimbirana chikho pakati pa opambana a ma ligi awiriwa, mu 1995, koyamba chichokere mu 1954, n'kugonja kwa Atlanta Braves. Inafikanso mu 1997 n'kugonja kwa Florida Marlins pa gemu yachisanu ndi chiwiri, chikho chitanunkhira kale pamphuno. Bwalo latsopano la Jacobs Field linadzaza magemu 455 motsatizana, kuyambira mu Juni 1995 mpaka mu Epulo 2001. M'timumo munali Albert Belle, Manny Ramírez, Kenny Lofton, Omar Vizquel, Sandy Alomar Jr. ndi Thome, yemwe mu 1997 anasamukira pa base yoyamba kuti apereke malo kwa Matt Williams. Pa 3 Julaye 1999 anamenya mpira umene unauluka mafiti 511, pafupifupi mamita 156, ndipo mpaka lero anthu amalozabe pamene unagwera.

Kenako akatswiri anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense kutsata kumene kunali ndalama. Belle anapita ku Chicago White Sox sizoni ya 1996 itatha, Ramírez ku Boston sizoni ya 2000 itatha. Ochemerera anaika mtima wawo wonse pa Thome, munthu wofatsa, wolankhula bwino ndi aliyense, amene ankanena poyera kuti sakufuna kuchoka. Mu 2002 anamenya ma home run 52, chiwerengero chimene palibe wosewera wa Cleveland anachifikapo pa sizoni imodzi, n'kufikitsa onse pamodzi pa 334. Koma chaka chomwecho akuluakulu a timu, motsogozedwa ndi Mark Shapiro, anali atayamba kugwetsa nyumba kuti amange ina; mu Juni anatumiza woponya wawo wamkulu Bartolo Colón ku Montreal posinthana ndi achinyamata. Kontirakiti ya Thome itatha, Philadelphia Phillies inaika patebulo zaka zisanu ndi chimodzi ndi madola 85 miliyoni. Cleveland inapereka zaka zochepa ndi ndalama zochepa. Thome anasaina ku Philadelphia.

Pa ntchito yathu, zimene anachitazo n'zomveka: munthu wa zaka 32, msana wayamba kale kudandaula, ndipo wapatsidwa kontirakiti yaikulu yomaliza ya moyo wake. Ndani angakane? Koma ochemerera sawerenga choncho. Belle ndi Ramírez sanalonjeze kanthu, choncho anawatukwana n'kuwaiwala. Thome ndiye anamusungira chakukhosi, chifukwa ankamuyesa wawo. Atabwera kudzasewera ku Cleveland mu 2006 atavala malaya a White Sox, anamukuwiza.

Ulendo wake wapakati ndiudutsa mwachangu. Ku Philadelphia anamenya ma home run 47 mu 2003. Mu 2005 chigongono chinamuvulala, mnyamata Ryan Howard n'kulanda malo, ndipo Thome anasinthanitsidwa ndi Aaron Rowand wa White Sox. Kuyambira pamenepo ntchito yake inali ya DH. Kumapeto kwa Ogasiti 2009 anapita ku Los Angeles Dodgers, mu 2010 ku Minnesota. Pa 15 Ogasiti 2011, pa bwalo la Comerica Park ku Detroit, anamenya home run ya 599 ndi ya 600 pa gemu imodzi, n'kukhala munthu wachisanu ndi chitatu m'mbiri kufika pa 600. Patangopita masiku khumi anali pa ulendo wobwerera kwawo.

Mmene zinalili ku Cleveland

Sizoni ya 2011 inayamba ngati maloto. Timu imene anthu sankaiwerengera, pansi pa mphunzitsi Manny Acta, inapambana magemu 30 mwa 45 oyambirira n'kukhala pamwamba pa gulu lake la American League Central, momwe mulinso Detroit, Chicago White Sox, Minnesota ndi Kansas City. Chaka chapitacho Cleveland inali yomaliza mu ligi yonse pa chiwerengero cha anthu obwera kubwalo, ndipo mu Epulo 2011 panali masiku ena amene oonera sanafike 10,000 m'bwalo lolowa anthu oposa 40,000. Kupambana kuja kunayamba kuwabweza.

Kumapeto kwa Julaye, Chris Antonetti, yemwe anali woyang'anira zogula osewera, anaponya zonse pa moto. Anatenga woponya Ubaldo Jiménez ku Colorado Rockies, n'kupereka achinyamata anayi, pakati pawo Drew Pomeranz ndi Alex White, onse awiri osankhidwa mu ndime yoyamba ya draft. Uku ndiye kunali kubetcha kwakukulu kwa chakacho, ndipo ndikukutchula dala chifukwa tikadzafika poyeza za Thome tiyenera kukhala ndi choyerekezera.

Ogasiti anabwera ndi tsoka. Grady Sizemore ankangolowa n'kutuluka pa mndandanda wa ovulala. Shin-Soo Choo anali atathyoka chala chachikulu mu Juni, ndipo atabwerera sanakhalitse. Jason Kipnis ndi Michael Brantley nawonso anavulala. Detroit inawakwapula magemu atatu motsatizana pakati pa mweziwo. Kenako Travis Hafner, DH wawo, anavulala phazi. Apa pali kanthu koseketsa kamene mbiri imakonda kuchita: Hafner ameneyu Cleveland inamutenga ku Texas Rangers mu Disembala 2002 kuti adzatseke dzenje limene Thome anasiya. Patatha zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi, Thome ndiye ankaitanidwa kudzatseka dzenje la Hafner.

Pa tsiku limene anagwirizana, Cleveland inali itapambana ndi kugonja magemu pafupifupi ofanana, ndipo Detroit inali patsogolo ndi magemu oposa asanu ndi limodzi. Mu 2011 ligi iliyonse inali ndi malo amodzi okha a wild card, olowera mu ndime ya chipulula popanda kupambana gulu, ndipo malowo ankalimbirana matimu a kum'mawa omwe anali patali kwambiri. Khomo la Cleveland linali limodzi basi: kupitirira Detroit.

Njira imene anadutsa

Tsiku lomaliza losinthana osewera momasuka linali 31 Julaye. Likadutsa, nthawi imeneyo panali kakhomo kakumbali kotchedwa waivers. Timu inkaika dzina la wosewera pa mndandanda wachinsinsi, matimu ena n'kupatsidwa mwayi wonena kuti tikumufuna. Akamufuna angapo, woyamba kuganiziridwa anali wa mu ligi yomweyo amene ali pansi kwambiri pa tebulo. Eni wosewerayo ankakhala ndi masiku awiri kuti asankhe: kugwirizana ndi timu yomufunayo, kumubweza, kapena kungomupereka pamodzi ndi malipiro ake otsala. Ndipo kuti wosewera aloledwe mu ndime ya chipulula, ankayenera kukhala atalowa m'timu yatsopano pasanadutse 31 Ogasiti.

Minnesota inalibe chifukwa chomukakamira. Inali pa ulendo wokathera pa magemu 63 opambana ndi 99 ogonja, chikondwerero cha 600 chinali chitachitika atavala malaya awo, ndipo kontirakiti yake ya madola 3 miliyoni inkatha sizoni ikatha. Koma Thome anali ndi ndime m'kontirakiti yoti sangasinthidwe popanda iye kuvomera. Mfundo imeneyi anthu amaidumpha. Munthu amene anali asanakwezepo chikho cha World Series akanalakalaka timu yoti ili pafupi nacho, koma waivers sinkapatsa wosewera mwayi wosankha kumene akufuna. Panali Cleveland kapena kukhala ku Minnesota. Anavomera kupita kumene anamukuwiza.

Mtengo wake? Poyamba analengeza kuti Minnesota idzalandira wosewera wina amene adzatchulidwe pambuyo pake, koma mapeto ake inalandira madola 20,000. Kuwonjezera apo Cleveland inasenza malipiro a mwezi ndi masiku ochepa otsalawo, omwe tikawerengera kuchokera pa 3 miliyoni amapitirira pang'ono theka la miliyoni. Ku baseball ya ku America zimenezo ndi ndalama za ganyu. Palibe wachinyamata ndi mmodzi yemwe amene anaperekedwa.

Milungu isanu pabwalo

Lachisanu pa 26 Ogasiti, anthu oposa 41,000 anadzaza bwalo lomwe tsopano linkatchedwa Progressive Field, pa gemu yolimbana ndi Kansas City Royals. Thome anavala nambala yake yakale, 25. Atayenda kupita pomenyera ulendo woyamba, bwalo lonse linaimirira n'kumuwombera m'manja nthawi yaitali, iye n'kuvula chisoti. Usiku umenewo anamenya maulendo anayi osaphula kanthu. Palibe anadandaula. Mawa lake, tsiku lokwanitsa zaka 41, anamenya home run.

Acta anamugwiritsa ntchito mosamala, ndipo apa ndi pamene ndikuona kuti panali nzeru. Sanamufunse kuti akateteze. Sanamuseweretse tsiku ndi tsiku, chifukwa munthu amene chaka chomwecho anali atakhalako kale pa mndandanda wa ovulala ku Minnesota, ndipo amafunika nthawi yaitali yotenthetsa ndi kuwongola msana gemu isanayambe, sungamuthamangitse ngati mnyamata. Thome amamenya ataima kumanzere, choncho phindu lake lalikulu linali pa oponya a dzanja lamanja. Akafika pa base gemu ili pothina, kumulowetsera wothamanga kunali kosavuta, popeza kuyambira pa 1 Seputembala malamulo a nthawiyo ankalola timu kukhala ndi osewera mpaka 40 m'malo mwa 25. Mwezi wina uliwonse wa sizoni, kusunga munthu wongomenya osathamanga kumadya malo a wina. Mu Seputembala malo analipo ambiri.

Anasewera magemu 22. Avereji yake ya kumenya inali .296, kutanthauza kuti pa maulendo khumi aliwonse pafupifupi atatu ankamenya bwino n'kufika pa base. Tikawonjezera maulendo amene oponya ankamupatsa base yaulere chifukwa cha diso lake losathamangira mpira woipa, ankafika pa base pafupifupi kanayi pa maulendo khumi. Ma home run anali atatu, ndipo anagoletsa ma run 10, omwe ndi zigoli za baseball. Ku Minnesota, pa magemu 71 a chaka chomwecho, avereji yake inali .243. Galu wamkota sakandira pachabe, koma ndichenjeze: magemu 22 ndi ochepa kwambiri kuti munthu anene kuti mpweya wa kwawo ndi umene unamutsitsimutsa. Womenya aliyense akhoza kutentha milungu itatu n'kuzizira itatu yotsatira.

Pamene iye ankachita zakezo, Detroit inathawa. Mu Seputembala inapambana magemu 12 motsatizana, Justin Verlander akumaliza sizoni ndi magemu 24 opambana ndi 5 ogonja. Detroit inathera pa 95 ndi 67. Cleveland inathera pa 80 ndi 82, yachiwiri m'gulu koma kumbuyo ndi magemu 15. Hafner anachira mu Seputembala, ndipo Acta anapezeka ndi ma DH awiri, onse omenya kumanzere, onse osateteza, pa mpando umodzi. Mpikisano ukanakhala udakalipo, limeneli likanakhala vuto lenileni. Popeza unali utatha, anangogawana.

Lachisanu pa 23 Seputembala timu inachita mwambo womulemekeza n'kulengeza kuti idzamuimikira chiboliboli pabwalopo. Adani a usikuwo anali Minnesota yomweyo, ndipo Thome anamenya home run yake ya 604, yomwe inakhala yomaliza atavala malaya a Cleveland. Lamulungu pa 25 Seputembala, gemu yomaliza yapakhomo, Acta anamutumiza kukaima pa base yachitatu mu inning yachisanu ndi chinayi (gemu imagawidwa m'zigawo zotchedwa ma inning), malo amene anali asanaimepo chichokere mu 1996. Anaimapo kwa mpira umodzi wokha, kenako anamutulutsa kuti anthu amuwombere m'manja.

Kuunika

Funso limene ndimafunsa pa nkhani iliyonse yotere ndi lakuti: anamutengera chiyani? Pa Thome mayankho alipo angapo, ndipo anthu amawasakaniza, n'chifukwa chake ena amati zinayenda bwino kwambiri pamene ena amati zinali zachabechabe.

Ngati anamutengera kuti apitirire Detroit, ndiye kuti analephera, koma ine sindikhulupirira kuti Antonetti ankaganiza choncho, ngakhale kuti polankhula ndi atolankhani munthu sanganene kuti tagonja kale. Masamu ake ndi osabisika. Akatswiri owerengera za baseball amapeza kuti wosewera wabwino kwambiri mu ligi, pa sizoni yonse ya magemu 162, amawonjezera magemu opambana pafupifupi asanu ndi atatu kapena khumi poyerekeza ndi wosewera wamba wongotolera. Ameneyo ndi katswiri amene akumenya, kuthamanga ndi kuteteza kwa miyezi isanu ndi umodzi. Nanga DH wa zaka 41 pa milungu isanu? Ngakhale atatentha chotani, gemu imodzi yathunthu n'kovuta kuifikitsa. Dzenje la magemu asanu ndi limodzi silitsekedwa ndi munthu mmodzi wotero. Baseball ndi masewero amene katswiri amadikira anzake asanu ndi atatu amenye kaye kuti mwayi umufikirenso. Sangalande mpira n'kuchita yekha zonse.

Ngati anamutengera kuti akhale pa mpando wa Hafner kufikira mwini wake atachira, ndiye kuti anachita bwino koposa. Pa 25 Ogasiti panalibe womenya wina wa msinkhu wotero amene akanapezeka ndi madola 20,000. Yerekezani ndi Jiménez, amene anadula achinyamata anayi, n'kupambana magemu 4, kugonja 4, akupereka ma run oposa asanu pa ma inning asanu ndi anayi aliwonse. Chaka chimenecho kugula kumene kunapweteka Cleveland sikunali kwa mdala.

Chifukwa chimene zinayendera chikuoneka bwino tikayang'ana ulendo wina wa Thome yemweyo. Pa 31 Ogasiti 2009 Dodgers inamutenganso kumapeto kwa sizoni, ali wocheperapo ndi zaka ziwiri, ndipo timu yake inali pamwamba pa gulu. Koma Dodgers ili mu National League, komwe nthawiyo kunalibe DH. Thome sakanatha kuteteza, choncho ankangodikira pa benchi kuti mwina aitanidwe kamodzi kumapeto kwa gemu. Anamenya maulendo 17 okha mwezi wonse, n'kuphulapo anayi, popanda home run. Munthu yemweyo, luso lomwelo, koma mpando wosamuyenera. Ku Cleveland kunali mpando wopanda munthu umene unali ndendende ntchito imene thupi lake linkathabe kugwira. Ine ndikamaunika mkhalakale, sindiyamba ndi dzina kapena zaka. Ndimayamba ndi kufunsa kuti ndi ntchito iti imodzi imene akuithabe, ndipo kodi ntchito imeneyo ili ndi malo m'timu lero.

Cleveland yomweyo inali itachitapo zofanana mu Julaye 2007, pamene inabweza Kenny Lofton ali ndi zaka 40 kuchokera ku Texas. Timu ya chaka chimenecho inapambana magemu 96 n'kufika gemu imodzi yokha kuti ilowe mu World Series, Boston isanaigwetse. Anthu amakumbukira za Lofton ngati zopambana kuposa za Thome. Koma kusiyana sikunali pa mkhalakaleyo. Lofton analowa m'timu yathanzi, Thome analowa m'chipatala.

Pali mfundo ina imene imatchulidwa nthawi zonse, yoti mdala amaphunzitsa achinyamata. M'timu ya 2011 munali Carlos Santana, Kipnis, Lonnie Chisenhall ndi Asdrúbal Cabrera, ndipo n'zoona kuti Thome ankadziwika mu ligi yonse ngati munthu wabwino kukhala naye, wosanyada, amenenso dzina lake silinamveke pa nkhani ya mankhwala owonjezera mphamvu imene inadetsa omenya ambiri a m'badwo wake. Sindikutsutsa kuti anyamatawo anatolapo kanthu pomuona mmene amakonzekerera. Koma m'malipoti anga mfundo imeneyi sindiipatsa mtengo, chifukwa ndi imene anthu amathawirako akasowa chifukwa china chogulira munthu. Komanso pa benchi ya Cleveland panali kale Sandy Alomar Jr. ngati mmodzi wa aphunzitsi, munthu wa m'badwo womwewo wa 1995. Wouza anyamata za masiku amenewo sanali kusowa.

Chimene ndikuchiona kuti chinali cholinga chachikulu, ngakhale sichinalembedwe pa pepala lililonse, ndi kutseka chilonda cha 2002. Shapiro, amene analephera kumusunga nthawi ija, mu 2011 anali pulezidenti wa timu. Thome anali ndi ma home run ambiri kuposa wina aliyense m'mbiri ya Cleveland, zinali zoonekeratu kuti akupita ku Hall of Fame, nyumba yolemekezera akatswiri opambana m'mbiri ya baseball, ndipo timu sikanafuna kuti munthu wotero akalowe kumeneko ali pa udani ndi mzinda wake. Kukonza zimenezo ndi mwambo wa tsiku limodzi atapuma kale sikukanagwira mtima. Anthu akanati n'zamalonda. Kumubweza akadasewera, akumenyadi, timu ikumufunadi, kunapatsa ochemerera chifukwa chabwino chosinthira maganizo popanda kuchita manyazi. Kuvulala kwa Hafner kunangotsegula khomo. Ndipo tisaiwale za pageti: matikiti a Lachisanu lija ndi a mwambo wa pa 23 Seputembala ayenera kuti anabwezako gawo la ndalama zimene anawononga.

Pali malo amodzi pamene ndikuona kuti mtima unathamanga. Chiboliboli chinalengezedwa munthu asanathe mwezi chibwerere, pamene Larry Doby, wosewera woyamba wakuda mu American League, amene analowa m'timu ya Cleveland mu 1947 n'kuithandiza kutenga chikho cha 1948, analibe chake pabwalopo. Ochemerera ena anafunsa zimenezi mokweza, ndipo anali ndi mfundo. Cha Doby chinadzaimikidwa mu 2015, cha Thome chitaima kale.

Zimene zinatsatira

Sizoni itatha Cleveland sinamusunge, ndipo apa inachita bwino. Hafner anali ndi kontirakiti yake, mpando unali umodzi. Matimu ambiri amagwa pamenepa: ganyu wa milungu isanu akayenda bwino, amamusandutsa kontirakiti ya chaka kapena ziwiri chifukwa choopa kukhumudwitsa ochemerera, kenako amadzakakamizika kuchotsa munthu wokondedwa pakati pa sizoni, chilonda n'kutsegukanso. Thome anasaina chaka chimodzi ku Philadelphia, komwe mphunzitsi wamkulu anali Charlie Manuel uja, ndipo pakati pa 2012 anapita ku Baltimore Orioles. Anathera pa ma home run 612, mwa amenewo 337 ndi a Cleveland.

Pa 2 Ogasiti 2014, tsiku lovundukula chiboliboli chake, chimene chikumuonetsa ataloza ndodo kutsogolo, anasaina kontirakiti ya tsiku limodzi kuti apume ali wosewera wa Cleveland. Mu 2018 anasankhidwa kulowa mu Hall of Fame ku Cooperstown pa ulendo woyamba, ndi mavoti 89.8 pa 100 aliwonse, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho timu inapachika nambala 25 kuti wina asadzaivalenso.

Kwa amene angafune kutengera nkhaniyi lero, dziwani kuti njira ija inatsekedwa. Kuyambira mu 2019 Major League Baseball inathetsa kusinthana osewera kudzera mu waivers ya mu Ogasiti. Tsiku lomaliza ndi limodzi, chakumapeto kwa Julaye kapena kumayambiriro kwenikweni kwa Ogasiti. Timu ikhozabe kutola wosewera amene eni ake amutaya, koma kukambirana zosinthana sikuloledwa. Mndandanda wa mu Seputembala nawonso anauchepetsa kuchoka pa 40 kufika pa 28, choncho malo osungirapo mdala wongomenya pamodzi ndi mnyamata womuthamangira ndi ochepa. Hafner akanavulala phazi sabata yachitatu ya Ogasiti pansi pa malamulo a lero, Antonetti akanayenera kupempha Minnesota kuti imutaye Thome poyera, n'kumadikira kuti timu ina yomwe ili pansi pa tebulo isayambe kumutola.